Kalata Yotseguka kwa Ambuye Bishopu: Otumikira Mwaulere M'maparishi Mwathu Alemedwa

Kwa Ambuye Bishopu,
Kudzera kwa Bambo Achidikoni,
Ndi kwa mamembala onse a komiti yaikulu ya dayosizi yathu.

Ambuye, landirani moni m'dzina la Yesu Khristu, inu pamodzi ndi Mayi kunyumba ndi onse ogwira ntchito ku ofesi ya dayosizi. Timakutchulani m'mapemphero Lamulungu lililonse, ndipo sitidzaleka.

Ine ndine wadeni, mkulu wa mpingo wosankhidwa ndi akhristu, pa parishi ina ya kumudzi ya mpingo wa Anglican. Dzina la parishi sinditchula, chifukwa zimene ndikulembazi si zathu zokha. Mawadeni anzanga tikakumana pa maliro kapena pa misonkhano timadandaulirana zomwezi. Ndalemba poyera chifukwa njira zachizolowezi tinazitsata: tinalankhula pa vestry (msonkhano wa akhristu a parishi), khonsolo ya parishi inalemba kudzera kwa Bambo Achidikoni, nthumwi zathu zinakaitula nkhaniyi kumsonkhano. Yankho sitinalandire. Chimene chinatipeza ndi kalata ya ku ofesi yonena kuti kota, ndalama imene parishi iliyonse imapereka ku dayosizi, yakwera, komanso kuti parishi imene ili ndi ngongole ya kota siidzaikidwa pa ndondomeko ya maulendo anu mpaka itamaliza kubweza.

Nkhani yanga ndi imodzi. Parishi ya kumudzi imayenda ndi anthu amene salandira kalikonse, ndipo anthu amenewa ku ofesi amakumbukiridwa pa nthawi yotolera ndalama. Kalata ija yagwera iwowo.

Ndiyambe ndi akatekisiti ndi ma lay reader, akhristu wamba ololedwa kutsogolera mapemphero ndi kulalikira. Wansembe wathu ndi mmodzi, matchalitchi a nthambi ndi ambiri, ena ali kutsidya kwa mtsinje umene dzinja suwolokeka. Bambo amayesetsa njinga yamoto ikakhala ndi mafuta, komabe nthambi zakutali zimatha miyezi osaona Misa. Malamulungu ena onsewo, amene amatsekula chitseko, kuliza belu, kutsogolera mapemphero a m'mawa ndi kulalikira ndi katekisiti kapena lay reader. Mwana akadwala mwakayakaya usiku, khomo logogoda ndi lake. Maliro akagwa pakati pa sabata wansembe ali ku msonkhano m'tauni, iye ndiye amasiya khasu, kuvala kasoki yake yoperepeseka ija n'kutsogolera anthu kumanda. Akabwerako kalasi ya ubatizo ikumudikira pansi pa mtengo. Kumunda kwake udzu sudikira, ndipo banja lake limadya zochepa chifukwa cha ntchito ya mpingo.

Pa nthambi ina tili ndi bambo wachikulire amene anayamba kutumikira ine ndikadali mnyamata. Maso ayamba kuchita chidima. Buku lawo la mapemphero masamba ena anathothoka, moti mbali zina amangonena pamtima. Njinga yawo yakapalasa inathyoka foloko, tsopano amayenda wapansi kukaona odwala. Nthawi ikakwana amauzidwa kuti alipire ndalama yokonzanso chiphaso chawo cha utumiki, ndipo amalipira osawiringula. Koma mukawafunsa kuti anaitanidwa liti komaliza ku maphunziro, amaweramitsa mutu n'kuyamba kuwerenga zaka. Achinyamata amene akanawalowa m'malo akuona zonsezi. Tikawapempha kuti adzipereke, amayankha mwaulemu kuti aganize kaye, ndipo kuganizako sikutha.

Mbiri ya mpingo wathu mukuidziwa kuposa ine, Ambuye. Amishonale a Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anafika ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Mackenzie, ndipo mu 1885 anakhazikika pa Likoma. Azungu aja anali owerengeka, malungo ankawatha. Amene anafikitsa Uthenga m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anali aphunzitsi achikuda, aliyense pamudzi pake, kuphunzitsa ana masana ndi kutsogolera mapemphero. Amishonale ankadziwa kuti mphunzitsi wosayenderedwa amafooka. Sitima ya Chauncy Maples itayamba kuyenda mu 1901, ina mwa ntchito zake inali kuzungulira m'midzimo kukawaona aphunzitsi amenewa ndi kuwalimbikitsa. Pambuyo pake mpingo wathu unagwirizana ndi Sinodi ya Blantyre ya CCAP kukhazikitsa Chilema ku Malosa kuti akhristu wamba aziphunzitsidwa utumiki. Makolo athu analibe foni kapena misewu ya tala, koma ankamufikira mphunzitsi wa kumudzi. Ife lero tili ndi WhatsApp ndi magalimoto, ndipo lay reader wathu akutha zaka osamva mawu a ku ofesi kupatula a chiphaso.

Chachiwiri ndi amayi, ndipo apa ndipempha mundilole ndichedwepo.

Amayi a Mothers' Union, a St Veronica ndi atsikana a St Agnes ndiwo amasesa, kuzira pansi kumene kulibe simenti, kuchapa nsalu za paguwa ndi kutunga madzi. Maliro akachitika iwo ndiwo oyamba kufika ndi omaliza kuchoka: amasambitsa thupi, amagona pa siwa akuimba, amasonkha nkhuni ndi ufa, amaphikira khamu lonse, kenako amabwererako patapita masiku kukaona ngati wamasiye akudya. Mkhristu akagonekedwa kuchipatala opanda wachibale womudikirira, amasinthana kukagona pakhonde. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, amayi athu ankayenda ndi alangizi a zaumoyo khomo ndi khomo kufotokoza za kuthira mankhwala m'madzi, ndipo ndiwo ankatonthoza mabanja amene anauzidwa kuti maliro aikidwe msanga popanda mwambo wathu wachizolowezi. Namondwe Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, sanadikire kalata ya wina aliyense. Anasonkha zitenje, mapoto ndi ufa mwa iwo okha n'kutumiza kwa ovutika.

Tsono taonani zimene amalandira. Kukamabwera mlendo wamkulu, imatsogola kalata ya zofunika: mbuzi, nkhuku, mpunga, zakumwa, mafuta a galimoto, ndi mphatso yokapereka kutsogolo. Mndandanda umenewu umathera m'manja mwa amayi. Tsiku lenilenilo iwo amakhala kuseri kwa tchalitchi mu utsi kuyambira mbandakucha. Ulaliki saumva, ena Ukaristia amalandira akuthamanga ndi manja onunkha utsi, ndipo amadya pomaliza ngati kwatsala kanthu. Alendo akamanyamuka amathokoza "amayi athu okondedwa" m'mawu awiri, galimoto n'kuliza.

Pamwamba pa izi pali zopereka za gulu, nsalu yatsopano ya chochitika chilichonse, ndalama yolembetsera msonkhano, ndi thiransipoti yopitira kumsonkhanoko. Ndikudziwa mayi wina wamasiye, wolera zidzukulu, amene anagulitsa ndowa ya chimanga m'miyezi ya njala kuti dzina lake lisawerengedwe pa gulu la osapereka. Ndikudziwanso wina amene anasiya kuvala yunifolomu yake yoyera ndi yabuluu, ndipo amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, chifukwa ali ndi ngongole ku gulu. Mayi ameneyu ndi amene anaphunzitsa theka la amayi a pano kuimba nyimbo za pa siwa. Mary Sumner poyambitsa Mothers' Union mu 1876 ankafuna kuti amayi azithandizana kulera ana m'chikhristu ndi kusunga mabanja. Kwathu kuno gululi tikulisandutsa thumba lotapamo nthawi iliyonse bajeti ikaperewera. Chondipweteka kwambiri n'chakuti pamene pamagamulidwa za ndalama, mayi amene amadziwa mtengo wa nkhuku ndi mtolo wa nkhuni sakhalapo.

Chachitatu ndi kota yeniyeniyo. Ndinene momveka: sitikukana kupereka. Tikudziwa kuti dayosizi imalipira ansembe, imasamala opuma pa ntchito, imaphunzitsa ofuna unsembe ku koleji ya Leonard Kamungu ku Zomba, ndipo mpingo wathu uli ndi zipatala monga St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's pa Likoma, zimene zimathandiza aliyense posayang'ana chipembedzo. Tikudziwanso kuti thandizo lochokera kunja silibwera monga kale, ndipo mpingo uyenera kuima pawokha. Zimenezi timazivomereza ndi mtima wonse.

Koma amene anawerengera kota yatsopanoyi anayang'ana chiwerengero cha maina m'kaundula, sanayang'ane m'nkhokwe. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo fetereza, sopo, mchere ndi thiransipoti zinakwera nthawi yomweyo. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Mkhristu wa kwathu ndalama amaiona kamodzi pa chaka, akakolola. Akapanda kukolola, chopereka chake cha Masika chimakhala kambale ka nandolo kapena dzungu limodzi, ndipo amachipereka ndi mtima woona. M'kaundula muli maina a okalamba, a ana asukulu, ndi a anyamata amene anapita ku Joni kalekale. Parishi ya m'tauni, kumene anthu amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, singayezedwe ndi muyezo umodzi ndi ife.

Zotsatira zake ndi izi. Tinachita Pepa Sande kuti tigule malata a tchalitchi cha nthambi chimene denga lake linasasuka ndi mphepo. Anthu anavina, anaponya, ena anabweretsa nkhuku. Ndalama itapezeka, khonsolo inakakamizika kutengako gawo lalikulu kukachepetsa ngongole ya kota. Mpaka lero akhristu a kumeneko amapemphera akuyang'ana mitambo, ndipo mvula ikayamba mapemphero amathera pomwepo. Tikaitanitsanso Pepa Sande ina, adzabwera ndani?

Ndipo amene amayang'anizana ndi anthu ndi ife. Wadeni ndi msungichuma ndiwo amaima kutsogolo kupempha, ndiwonso amafunsidwa kuti, "Kodi ndalama timaperekazi zimapita kuti?" Ife sitikhala ndi yankho, chifukwa lipoti la chuma cha dayosizi silifika kwathu m'chilankhulo chimene mkhristu wamba angamve. Anthu akasowa yankho amayamba kunong'ona. Msungichuma wathu wakale, mphunzitsi wopuma amene sanatengepo ngakhale tambala, anatula pansi udindo atamva kuti kumsika akumutchula wakuba. Palibe anamuphunzitsapo kasungidwe ka mabuku a mpingo. Ankalemba m'kope la ana asukulu logula ndi ndalama yake. Pa vestry yotsatira, titafunsa amene angalowe m'malo mwake, tchalitchi chonse chinangoti zii.

Chachinayi ndi chimene chandikakamiza kugwira cholembera. Kumanga ulendo wa Bishopu pa ngongole ya kota ndi kulanga ana chifukwa cha umphawi wa makolo awo. Mu mpingo wathu wolimbitsa akhristu ndi Bishopu yekha. Inu mukapanda kubwera, palibe wina angasanjike manja. Tili ndi anyamata ndi atsikana amene aphunzira katekisimu mokhulupirika, Loweruka lililonse, pansi pa aphunzitsi osalipidwa. Anauzidwa kuti akonzeke. Makolo anawasokera zovala zoyera. Tsopano tikawauze kuti chiyani? Kuti sangayandikire ku guwa chifukwa parishi ili ndi ngongole? Ena mwa iwo chaka chamawa adzakhala atapita kusekondale yogonera konko, ena atakwatiwa, ena atalowa m'mipingo ina imene yazungulira mudzi wathu, kumene sadzafunsidwa za kota. Muli agogo awiri m'kalasi imeneyi amene anabatizidwa atakula, ndipo mmodzi thanzi lake silili bwino. Ndikukhulupirira kuti amene analemba kalata ija ankafuna kutifulumizitsa ife akuluakulu, sankaganiza za ana amenewa. Koma chikwapucho chagwa pa iwo.

Mzimu womwewu wayamba kulowa pansi. Popeza parishi ikufinyidwa, nayonso yayamba kufinya anthu ake. M'malo ena maliro akagwa, funso loyamba likumakhala lakuti khadi la chopereka lili bwanji, banja lisanapepesedwe n'komwe. Ndaonapo anamfedwa akuthamanga kukakongola ndalama kuti akwaniritse miyezi yotsalira thupi lili m'nyumba, poopa kuti kwaya ndi amayi sabwera. Ansembe ambiri sakondwera nazo izi, koma nawonso malipiro awo amachedwa kota ikachedwa, ndiye agwira pati?

Za achinyamata ndinena mwachidule. Amatumikira paguwa, amaimba kwaya, amaumba njerwa, amanyamula mabenchi. Pa zokambirana amaitanidwa kuti adzakonze malo okhalapo akuluakulu. Aphunzitsi a Sande Sukulu alibe buku lowatsogolera, aliyense amaphunzitsa zimene akukumbukira. Komanso timawapatsa ana athu ambirimbiri popanda kuwalangiza za katetezedwe ka ana, kapena kuwauza kumene angakanene akaona zokayikitsa. Imeneyi ndi ngozi imene tikuiyang'ana ikubwera.

Chomaliza pa madandaulo ndi cha okalamba. Munthu akatumikira moyo wake wonse ngati katekisiti, wadeni kapena mtsogoleri wa amayi, mphamvu zikatha amangozimirira. Katekisiti wina wa parishi yoyandikana nafe anagona pamphasa nthawi yaitali atafa ziwalo. Amene ankamuyendera ndi amayi a mlaga wake basi. Atamwalira, bokosi linachita kusonkheredwa usiku. Banja lake silinafune ndalama kwa wina aliyense. Linkangoyembekezera kakalata kochokera ku dayosizi konena kuti bambo awo ankadziwika. Ana ake, amene anakula akuona bambo awo akusiya munda chifukwa cha mpingo, ena a iwo sitikuwaonanso m'tchalitchi.

Ambuye, kudandaula kotere si kwachilendo mu Eklezia. Pa Machitidwe a Atumwi mutu 6 timamva kuti kunabuka kung'ung'udza chifukwa amasiye ena ankaiwalika pa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawadzudzule odandaulawo. Anaitanitsa gulu lonse, anamvetsera, ndipo anauza anthuwo kuti asankhe okha amuna 7 oyang'anira ntchitoyo, n'kuwasanjika manja pamaso pa onse. Utumiki wa patebulo unapatsidwa ulemu wake. Ifenso tikupempha kuti mutiitane ndi kutimva.

Sitikupempha malipiro. Tinadzipereka tokha ndipo tikudziwa Amene tikumutumikira. Zopempha zathu ndi izi:

1. Chotsani lamulo lomanga maulendo anu pa ngongole ya kota. Bwerani mudzalimbitse ana athu chaka chino. Ngongole tikambirana padera, ndipo khonsolo yathu ndi yokonzeka kusainira ndondomeko yobweza pang'onopang'ono, makamaka m'miyezi yokolola.

2. Kota iwerengedwenso pamodzi ndi mawadeni ndi asungichuma a maparishi, poyang'ana zimene parishi imapezadi pa chaka, osati maina a m'kaundula okha. Chaka cha ng'amba kapena cha madzi osefukira, parishi yokhudzidwa ichepetseredwe. Ndalama imene akhristu asonkhera ntchito yodziwika, monga denga kapena mjigo, isakhudzidwe.

3. Lipoti la chuma cha dayosizi lizifika ku parishi iliyonse chaka ndi chaka, lolembedwa mwachidule m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina za akhristu athu, kuti liziwerengedwa pa vestry. Tikufuna kuti tikafunsidwa tizikhala ndi choyankha.

4. Akatekisiti, ma lay reader, aphunzitsi a Sande Sukulu, mawadeni ndi asungichuma aziphunzitsidwa kamodzi pa chaka, kufupi ndi kwawo, popanda kulipiritsidwa. Pa maphunzirowa pakhale za kasungidwe ka mabuku a ndalama ndi za katetezedwe ka ana. Ndalama ya chiphaso ichotsedwe, ndipo wotumikira nthambi yakutali apatsidwe buku la mapemphero ndi thandizo lokonzetsera njinga.

5. Lembani malire a zimene parishi ingapemphedwe polandira alendo a ku dayosizi. Alendo adye chimene eni mudzi akudya. Mphatso ikhale yochokera mumtima, isalembedwe pa mndandanda. Pa tsiku lotere ntchito ya kukhitchini igawidwe, abambo nawonso agwireko, kuti amayi alowe m'tchalitchi.

6. M'makomiti a zachuma, kuyambira ku parishi mpaka ku dayosizi, mukhale amayi ndi achinyamata osankhidwa ndi anzawo, okhala ndi voti. Atsogoleri a magulu a amayi aunikenso kuchuluka kwa zopereka ndi nsalu, ndipo mayi asachotsedwe kapena kuchititsidwa manyazi chifukwa cha ngongole.

7. Lengezani momveka kwa ansembe ndi makhonsolo onse kuti mkhristu akamwalira aziikidwa ndi mwambo wa mpingo popanda kufunsa za khadi thupi lili m'nyumba.

8. Dayosizi ikhale ndi kaundula wa otumikira mwaulere amene akalamba kapena akudwala. Bambo Achidikoni aziwayendera akabwera m'dera, ndipo mmodzi akamwalira, banja lake lilandire uthenga wochokera kwa inu.

Tikupempha kuti mfundo yoyamba muiyankhe nyengo ya Adventi isanafike, kuti tidziwe chowauza ana a m'kalasi ndi makolo awo. Zinazo ziikidwe pa ndondomeko ya Sinodi ikubwerayi, ndipo nthumwi za maparishi a kumudzi zipatsidwe nthawi yokwanira yolankhula. Akhristu anzanga amene muwerenge kalatayi, ngati zili chomwechi kwanunso, kaiwerengeni pa khonsolo yanu ndipo mutume nthumwi zanu ndi mawu omwewa.

Ndine mwana wanu mwa Khristu,

Wadeni wa akhristu,
Parishi ina ya kumudzi.